Thanga la 7.5 losakoka pa damu la ku Thyolo: zomwe tinapeza ndi mmene tinalikonzera

Lipotili likukamba za thanga la windsurfing (masewera oyenda pamadzi ndi mphepo, munthu ataima pa bolodi yokhala ndi thanga) la masikweyamita 7.5 limene eni ake ankadandaula kuti limalemera m'manja koma silikoka bolodi mphepo ikachepa. Eni akewo ndi bambo wolemera makilogalamu 74 amene amagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Masewerawa anaphunzirira ku nyanja, cha ku Mangochi, ndipo zipangizo anagula komweko zitagwirapo kale ntchito. Akuluakulu a esitetiyo anawalola kuti azisewera pa damu lothirira mbewu. Pobwera kudzafunsa nzeru, bambowa anali atatsimikiza kale kuti thangalo ndi laling'ono ndipo ankafuna kugula la 9.0. Tinawapempha kuti ndalamayo aisunge kaye, ndipo amange thanga lawolo monga amachitira masiku onse, ife tikuona osanena kanthu.

Damulo ndi mphepo yake

Damuli ndi lalitali pafupifupi mamita 600, m'lifupi pafupifupi 200, ndipo mbali ya kummwera chakummawa kuli mzere wa mitengo ya bulugama yotalika mamita 20 mpaka 25. Mitengo imeneyi ndi yofunika pa nkhaniyi. Mzere wa mitengo umafooketsa mphepo pa mtunda wokwana kutalika kwake kuchulukitsa kakhumi, mwinanso kuposa apo. Choncho mphepo ikamachokera mbali ya mwera, pafupifupi mamita 200 oyambirira a damulo amakhala ndi mphepo yofooka ndi yozungulirazungulira. Bambowa ankayambira mbali imeneyi chifukwa ndi kumene galimoto imafika. Titayeza ndi kachipangizo ka m'manja koyezera mphepo, pansi pa mitengopo tinapeza makilomita 6 mpaka 9 pa ola, pamene pa khoma la damu, tsidya linalo, inali 14 mpaka 17, nthawi zina n'kumafika 23.

Kusiyanaku n'kwakukulu kuposa mmene manambalawo akuonekera. Mphamvu ya mphepo pa thanga sikwera molingana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 16 pa ola imakankha thanga kanayi kuposa ya 8. Pamwamba pa izi, madera a tiyi ku Thyolo ali pamalo okwera, ambiri pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470. Mpweya wa pa mamita 1,000 ndi wopepuka ndi magawo 9 kapena 10 pa 100 alionse poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 5 poyerekeza ndi wa ku Mangochi. Thanga lomwelo, pa liwiro lomwelo la mphepo, limakoka pang'ono kuno kusiyana ndi kunyanja. Masana otentha a mu Okutobala amaupeputsanso mpweyawo. Zimenezi palibe chingwe chimene chingazikonze, ndipo tinawauza bambowa poyambirira pomwe kuti asayembekezere mwera wa kunyanja pa damu la pakati pa tiyi.

Mmene thanga linamangidwira

Thangali ndi la mtundu wa freeride, wongosewerera osati wa mpikisano, lokhala ndi ma batten asanu ndi limodzi, omwe ndi timitengo topyapyala toyenda mopingasa m'thanga, koma lopanda ma camber, tizipangizo togwirizitsa ma batten ku mlongoti. M'munsi mwake, pafupi ndi ngodya ya pansi, kampani inalemba miyezo itatu: luff masentimita 482, boom masentimita 212, mlongoti wa 460 wa IMCS 25. Luff ndi mbali ya kutsogolo, ya thumba limene mlongoti umalowamo. Boom ndi chogwirira cha manja chozungulira thanga mbali zonse ziwiri, ndipo IMCS ndi muyezo wa kulimba kwa mlongoti. Mlongoti wa 460 ukaonjezeredwa ndi extension (chotalikitsira mlongoti kumunsi kwake) ya masentimita 22 umakwana 482, ndipo bambowa anaika kolala ya extension pa 22 molondola. Vuto linayambira pa sitepe yotsatira.

Chingwe chokokera thanga pansi, downhaul, chinali chanayiloni cha pamsika, chija timayanikira zovala. Pa ngodya ya pansi ya thanga pali ma pulley (timawilo todutsapo chingwe) atatu, ndipo pa extension palinso ena, koma chingwecho chinadutsa pa awiri okha, chitapingasana. Bambowa anakoka ndi manja ali chiimire mpaka zala zitafiira, n'kumanga. Titayeza, pakati pa ma pulley a thanga ndi a extension panatsala mpata wa masentimita 6. Ndiye kuti thanga lomwe liyenera kutambasuka masentimita 482 linatambasuka 476 okha.

Zotsatira zake zinkaoneka thanga lili pa udzu pomwepo. Batten ya pamwamba pa boom inatulukira kutsogolo kwa mlongoti pafupifupi zala zitatu. Mbali ya kumbuyo ya thanga, leech, inali yokungika kuyambira pansi mpaka kunsonga. Ndipo poti ma batten otuluka chonchi amakana kudumphira mbali ina munthu akatembenuka, bambowa anazolowera kuthana nawo pokoka chingwe cha kumbuyo, outhaul, ndi mphamvu zonse. Boom anaitalikitsa kufika 218, n'kukoka ngodya ya kumbuyo mpaka kukagunda kumapeto. Ma batten anabwererako pang'ono, koma thanga linasanduka lathyathyathya, mimba yonse, kufufuma kwa nsalu kumene kumagwira mphepo, itachoka.

Iwo ankaganiza kuti kusakoka kwambiri downhaul kumasiyira thanga mimba yaikulu, ndiye kuti mphamvu yambiri. Maganizowa ali ndi choonadi pang'ono, koma choonadicho chimathera pa sentimita imodzi kapena awiri. Pa masentimita 6, zinthu zimatembenuka.

Chifukwa chake thanga lotere limalemera koma osakoka

Mbali ya kutsogolo ya thanga siinasokedwe mowongoka. Inadulidwa mokhota, ndipo mlongoti uyenera kupindika ngati uta kuti ulingane ndi kukhotako. Chimene chimaupinda ndi downhaul. Mlongoti ukapindika mokwanira, nsalu ya kutsogolo imakungika, mimba imakhazikika pansi ndi kutsogolo, pafupi ndi manja a munthu, ndipo leech ya kumtunda imamasuka. Kumasukaku n'kofunika chifukwa mphepo ya kunsonga kwa mlongoti imathamanga kuposa ya pafupi ndi madzi, ndipo imafika pa thanga mopendekera mosiyana. Nsonga ya thanga iyenera kupotoka pang'ono kuti ilandire bwino mphepo imeneyo n'kuitulutsa kumbuyo.

Leech ikakungika mpaka kumtunda, nsonga siipotoka. Mpweya umalephera kutsetsereka bwino kuseri kwa thanga, ndipo m'malo mokokera bolodi kutsogolo, mphamvu yambiri imapita cham'mbali. Malo amene mphamvu imasonkhana amakwera m'mwamba n'kubwerera kumbuyo. N'chifukwa chake dzanja la kumbuyo la bambowa linkatopa msanga, ndipo kamphepo kakabwera mwadzidzidzi thanga linkawakokera kutsogolo n'kuwagwetsera pamphuno pa bolodi. Kulemera kumene ankamva m'manja kunali kwenikweni, koma sikunkayendetsa bolodi. Ndiyeno outhaul yokokedwa kwambiri ija inachotsa mimba ya m'munsi, pomwe pamachokera mphamvu yonyamulira bolodi mphepo ikachepa. Thangali linataya kuwiri konse: kumtunda lotsekeka, kumunsi lopanda mimba.

Kuyesa mlongoti

Tisanakhudze zingwe tinafuna kutsimikiza kuti mlongoti ndi woyenera, chifukwa zipangizo zogula kwa munthu nthawi zambiri zimakhala zosakanikirana, ndipo zolemba za pa mlongotiwu zinali zitafufutika. Mlongoti wolakwika sungakonzedwe ndi chingwe: wolimba kwambiri umasiya leech yokungika ngakhale ukoke chotani, wofewa kwambiri umamasula leech thanga lisanapeze mimba.

Kuyesa kwake n'kotheka pakhomo. Timalumikiza zigawo ziwiri za mlongoti, n'kuugoneka pa mipando iwiri, uliwonse uli masentimita 5 kuchokera kumapeto. Timakunga ulusi pamwamba pake kuchokera uku kufika uko, n'kuika chizindikiro pakati penipeni ndi pa kota ziwiri. Tisanapachike kanthu timayeza mpata wa pakati pa ulusi ndi mlongoti pa malo atatuwo, chifukwa mlongoti umagwa pang'ono ndi kulemera kwake komwe. Kenako timapachika makilogalamu 30 pakati. Madzi a malita 30, chigubu cha 20 ndi china cha 10, amakwana bwino, bola kuchotsamo pang'ono polipira kulemera kwa zigubuzo. Timayezanso, n'kuchotsera muyezo woyamba uja.

Pakati mlongotiwu unatsika masentimita 18, chomwe ndi chimene mlongoti wa 460 wa IMCS 25 umachita. Pa kota ya kumunsi unatsika 11.5, pa kota ya kumtunda 13.7. Poyerekeza ndi 18 uja, amenewa ndi magawo 64 ndi 76 pa 100, kusiyana kwake 12. Mlongoti wotere amautcha constant curve, ndipo ndi umene mathanga ambiri a freeride amafuna. Mlongoti unalibe mlandu. Tinaonanso polumikizira zigawo ziwiri zija, popeza mchenga ukalowapo zigawozo sizikumana bwino, ndipo mpata wa mamilimita ochepa pamenepo umathyola mlongoti downhaul ikakokedwa mokwanira. Tinapatsuka n'kupamata ndi tepi ya magetsi kuti zigawo zisalekane polowetsa m'thumba la thanga.

Downhaul

Chingwe chanayiloni tinachichotsa. Nayiloni imatamuka, ndiye munthu akakoka masentimita 5, ena amathera m'chingwe momwemo, ndipo pamadzi chimapitiriza kutamuka. Tinaikapo chingwe cha Dyneema cha mamilimita 4, chotalika pafupifupi mamita awiri. Chingwechi chiyenera kudutsa ma pulley onse atatu, mizere yake ili yoyandikana mosapingasana. Chikapingasana chimadzikhula chokha, ndipo mphamvu yambiri imathera pamenepo. Chikadutsa bwino, makonzedwe a ma pulley amachulukitsa mphamvu ya munthu pafupifupi kasanu ndi kamodzi.

Kukoka ndi zala n'kosatheka pa thanga la kukula uku. Timamanga chingwe pa kamtengo kolimba kapena pa chitsulo cha harness (lamba wa m'chiuno wokolera thupi ku boom), n'kukhala pansi, phazi limodzi litaponda kumapeto kwa extension, msana uli wowongoka, manja atatambasuka. Mwendo ndi umene umagwira ntchito. Dongosolo lake ndi ili: kukoka downhaul mwa theka kuti mlongoti uonekere pa mpata wa boom, kumanga boom pa mlongoti, kukoka outhaul pang'ono, kenako kumaliza downhaul.

Tinakoka mpaka ma pulley atakumana, pa 482 penipeni, kuti bambowa aone kaye mmene thanga lawo linapangidwira. Leech inamasuka kuchokera kunsonga mpaka batten yachitatu, ndipo pakati pa batten yoyamba ndi yachiwiri nsalu inafewa kufika pakati pa thanga. Nsonga ya batten ya pamwamba pa boom inabwerera n'kukhala pakatikati pa mlongoti. Bambowa anada nkhawa kuti thanga ling'ambika, koma thumba la luff linasokedwa kuti lipirire mphamvu imeneyi.

Kuchokera pamenepo tinabweza sentimita imodzi yokha. Leech inakhalabe yomasuka pakati pa batten yoyamba ndi yachiwiri, kufewako kukulowa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a m'lifupi mwa thanga, ndipo pansi pa batten yachiwiri inayamba kukungika. Awa ndiwo makonzedwe a mphepo yochepa. Nsonga imapumabe, koma gawo lalikulu la thanga limagwira mphepo. Tinayesanso kubweza masentimita atatu kuti kusiyana kuoneke: batten inayambanso kutulukira kutsogolo kwa mlongoti ndipo inkafuna kumenyedwa ndi dzanja kuti idumphe. Mbali inayonso ili ndi vuto lake. Downhaul yopitirira muyezo pa tsiku la mphepo yochepa imasiya gawo lonse la kumtunda likungopepheruka, ndipo thanga la 7.5 limakoka ngati laling'ono. Malire osinthira downhaul ndi opapatiza, sentimita imodzi kapena awiri, ndipo n'chifukwa chake timalimbikira tepi yoyezera, osati kungoyerekeza ndi maso.

Ma batten

Thanga litakungika bwino panaoneka chinthu chimene poyamba chinabisika. Pa batten ya pamwamba pa boom, masentimita pafupifupi 15 kuchokera ku mlongoti, mimba siinkakhota mosalala, panali kangodya. Titayendetsa dzanja pamenepo panamveka pofewa. Batten inali itathyoka m'kati mwa thumba lake. Izi zimachitika kawirikawiri pa thanga lomwe lakhala likumangidwa ndi downhaul yochepa, chifukwa nsonga ya batten imakanikizidwa pa mlongoti nthawi iliyonse munthu akatembenuka. Batten imeneyi ndi imene imagwira mimba pamalo pake. Ikathyoka, mimba imayenda chakumbuyo kamphepo kakabwera, ndipo dzanja la kumbuyo limalemedwa mwadzidzidzi.

Tinaisolola n'kudula ina ya fiberglass kuchokera pa thanga lakale long'ambika, yofanana kunenepa. Podula batten, mbali yopyapyala ndiyo imapita ku mlongoti, ndipo chodulacho chichoke kumbuyo, kokhuthala, kuti kupindika kwa kutsogolo kusasinthe.

Ma batten enawo anali omasuka, m'mbali mwa matumba awo muli makwinya oimirira. Kumapeto kwa batten iliyonse kuli kasikuluwu kopotokola ndi Allen key yaing'ono. Timapotokola mpaka makwinya atatha. Pa ma batten awiri a m'munsi tinaonjezera theka la kupotokola kamodzi, chifukwa zimathandiza kuti mimba ikhalepo ngakhale mphepo isanadzaze thanga. A kumtunda sitionjezera kanthu. Akakungika kwambiri amatsekanso leech yomwe tangoimasula, ndipo batten imapindika mokhotakhota.

Outhaul, pomwe pali mphamvu yomwe bambowa ankaifuna

Downhaul ikakhala pamalo pake, chingwe chosewera nacho tsiku ndi tsiku ndi outhaul. Choyamba timapeza pamene ngodya ya kumbuyo imafika yokha, chingwe chitangowongoka koma chosakoka. Pa thangali malowo anali pa 209. Tinafupikitsa boom kuchoka pa 218 kufika pa 210, n'kukoka sentimita imodzi yokha, zala ziwiri zikukwanira. Mimba inabwerera, yakuya, itakhala kutsogolo kwa malo a harness.

Boom iyenera kufupikitsidwa ndithu, osati kungomasula chingwe. Ngodya ya thanga ikatalikirana ndi mapeto a boom ndi masentimita angapo, imayendayenda m'mwamba ndi pansi, ndipo thanga limasintha maonekedwe lokha pamadzi. Mpata usapose masentimita awiri.

Poyesa, timaimika thanga pamtunda n'kulidzaza ndi mphepo, kapena kulikanikiza ndi dzanja pakati lili chigonere. Pa mphepo yochepa, nsalu ikhudze pang'ono chitsulo cha boom cha mbali yomwe mphepo ikupita, pa gawo la kumbuyo lokha, kutalika kosaposa kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja. Ikagona pa boom mpaka pa zingwe za harness, outhaul yachepa kwambiri: boom imadula mimba, mpweya suyenda bwino, ndipo bolodi imakana kukwera kumene mphepo ikuchokera. Pa damu laling'ono ngati ili, kulephera kukwera mphepo ndi vuto lalikulu, chifukwa munthu amathera m'mabango a kumunsi n'kubwerera wapansi atasenza zipangizo.

Thangali lili ndi mabowo awiri pa ngodya ya kumbuyo. Bambowa ankagwiritsa ntchito la pansi. Tinasamutsira chingwe ku la pamwamba, chifukwa limakunga leech ya m'munsi ndi pakati n'kuonjezera mphamvu. La pansi limamasula leech, ndipo ndi la tsiku lomwe mphepo yakula.

Miyezo itatu tinailemba ndi cholembera chosafufutika pa boom: 210 ya mphepo yochepa, downhaul itabwezedwa sentimita imodzi; 212 ya pakatikati ndi 214 ya mphepo yamphamvu, downhaul itakokedwa kufika pa 482. Munthu akasintha downhaul kapena kukweza boom pa mlongoti, aonenso outhaul, chifukwa kukungika kwake kumasintha.

Boom, harness, tsinde la mlongoti ndi fin

Boom inali pachifuwa. Tinaikweza masentimita 10 kuti ifike pakati pa phewa ndi chibwano munthu ataima pa bolodi pafupi ndi mlongoti. Boom yokwera imachititsa kuti thupi lilendewere pa thanga, kulemera kuchoke kumapazi kupite pa tsinde la mlongoti, ndipo bolodi imagona bwino pamadzi m'malo momiza kumbuyo. Poyamba imavuta pang'ono potembenuka, koma thupi limazolowera.

Zingwe za harness zinali kumbuyo kwambiri, pomwe bambowa anazisunthira polimbana ndi thanga lokoka dzanja la kumbuyo lija. Tinazibweretsa kutsogolo masentimita 6, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a boom kuchokera ku mlongoti. Poyesa, munthu amakola harness pamtunda n'kumasula manja pang'onopang'ono. Ngati dzanja limodzi likufunikabe kugwira mwamphamvu, zingwe zisunthire mbali ya dzanja limenelo. Tsinde la mlongoti linali kumapeto kwenikweni kwa njanji yake, chakutsogolo. Tinaliika pakati.

Bolodi ndi ya malita 160. M'madzi opanda mchere lita imodzi imanyamula kilogalamu imodzi. Bambowa, bolodi, thanga ndi zovala pamodzi ndi makilogalamu pafupifupi 98, ndiye patsala malita oposa 60. Bolodi inali yokwanira. Chosakwanira chinali fin, chipsepse cha pansi pa bolodi, ya masentimita 32, yoyenera bolodi yaing'ono ndi thanga la 5.5 kapena 6.0. Thanga la 7.5 limakankhira bolodi cham'mbali mwamphamvu, ndipo fin yaing'ono, pa liwiro lochepa, siikwanitsa kuletsa. Bolodi inkayenda chammbali. Tinaikapo ya masentimita 44 ya Powerbox, mtundu wa bokosi la bolodiyi. Fin yaitali imafuna kusamala pa damu, pomwe m'mphepete muli matope ndi zitsa za mitengo yomwe inamizidwa. Munthu alowe m'madzi mpaka m'chiuno asanakwere.

Pamadzi

Malo oyambira tinawasamutsira pa khoma la damu, kutali ndi bulugama. Kumeneko kuli mawaya a magetsi opita ku injini yopopa madzi, ndipo mlongotiwu uli ndi kaboni, yomwe imadutsa magetsi. Thanga linyamulidwe chogona podutsa pamenepo, ndipo nyengo ya dzinja, mabingu akayamba kumveka cha ku phiri la Mulanje, munthu atuluke m'madzi nthawi yomweyo.

Pa mphepo ya makilomita 14 mpaka 17 pa ola, bolodi siinanyamuke kutsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo sitinkayembekezera kuti itero. Chinasintha n'chakuti inkayenda mosadukiza, thanga likukoka mofanana m'manja onse awiri, ma batten akudumpha okha potembenuka, ndipo bambowa ankabwerera pomwe anayambira popanda kutsikira m'mabango. Munthu wa makilogalamu 74 pa thanga la 7.5 ndi bolodi yotere amafuna mphepo ya makilomita pafupifupi 22 mpaka 25 pa ola kuti bolodi inyamuke, ndipo pa malo okwera ngati ano amafuna ya kumtunda kwa muyezowo.

Timphepo ta makilomita 23 tinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo timaoneka patali chifukwa madzi amada n'kuchita timakwinya. Pamenepo luso la munthu limalowapo. Kamphepo kasanafike, bolodi ikhale yogona bwino, phazi la kutsogolo pafupi ndi tsinde la mlongoti likuloza kutsogolo. Kakafika, mphuno ya bolodi ipatukire pang'ono kumene mphepo ikupita, kenako kukoka thanga mwamphamvu katatu kapena kanayi ndi thupi lonse, mapazi akukankhira bolodi kutsogolo. Bambowa ankathamangira kuponda kumbuyo n'kulowetsa mapazi m'malamba bolodi isanapeze liwiro, zomwe zimamiza kumbuyo n'kuimitsa zonse. Atayamba kudikira, bolodi inkanyamuka n'kutsetsereka mamita 100 kapena kuposerapo kamphepo kasanathe. Ndi makonzedwe akale aja, kamphepo komweko kankawagwetsa.

Chakumadzulo mphepo inakula n'kukhazikika pa makilomita 26 mpaka 30. Thanga linayamba kukoka dzanja la kumbuyo ndipo nsalu inagona kwambiri pa boom. Ichi ndi chizindikiro chakuti makonzedwe a mphepo yochepa afika polekezera. Bambowa anatuluka, n'kukoka downhaul sentimita yotsala ija, boom n'kuiika pa 212. Ntchitoyi siitenga mphindi zisanu, ndipo thanga linakhazikikanso. Anthu ambiri amachita ulesi pa sitepe imeneyi n'kumalimbana ndi thanga pamadzi, pomwe ngozi zothyola mphuno ya bolodi zimachitikira.

Zomwe zatsala

Nsalu yoonekera ya thangali, monofilm, yayamba kuchita mbuu pa magawo awiri a kumtunda, ndipo pali ming'alu iwiri yaing'ono pafupi ndi leech. Dzuwa ndi limene limaumitsa monofilm. Bambowa ankasiya thanga lili lomanga pa udzu masana onse. Ming'aluyo tinaimata mbali zonse ziwiri ndi tepi yoonekera yolimba, titatsuka ndi kuumitsa, ngodya za tepi titazidula mozungulira kuti zisamatuke. Thanga likakhala pamtunda liziikidwa pamthunzi, ndipo lizikulungidwa kuchokera kunsonga mosapinda. Nyengo ya chiperoni likulungidwe litauma, chifukwa chinyezi chimachititsa nkhungu m'thumba la luff.

Madzi osayenda a m'madamu amatha kukhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo munthu wa masewerawa amalowa m'madzi kawirikawiri. Tinawalangiza kuti azikayezetsa kuchipatala nthawi ndi nthawi, komanso kuti asamasewere okha popanda wina pamtunda ndi jekete yoyandamitsa pathupi.

Za thanga la 9.0 tinakambirana pomaliza. Kukula kwake kumaposa 7.5 ndi gawo limodzi mwa asanu, zomwe zingatsitse mphepo yofunika kuti bolodi inyamuke ndi makilomita pafupifupi awiri pa ola. Koma mathanga ambiri a kukula kumeneko amafuna mlongoti wa 490, boom yotalika kuposa yomwe bambowa ali nayo, ndi fin ya masentimita pafupifupi 50, ndipo kulidzutsa m'madzi kumalemetsa msana pa damu lomwe munthu amatembenuka pa mamita 200 alionse. Tinagwirizana kuti amalize nyengo yonse ndi 7.5, azilemba m'kabuku liwiro la mphepo pa khoma la damu, miyezo ya downhaul ndi boom ya tsikulo, ndi ngati bolodi inanyamuka. Masiku ambiri akapezeka kuti ndi a makilomita 19 mpaka 22, thanga lalikulu lidzakhala ndi phindu. Akapezeka kuti ndi a pansi pa 17, ndalamayo idzagwira bwino ntchito pa bolodi yaitali yokhala ndi daggerboard (chipsepse chachitali cha pakati pa bolodi), yomwe imayenda ndi kukwera mphepo popanda kudikira kunyamuka.